Mutu 7: Za Chitsulo Chimene Chili M'mwazi wa Munthu

Pali yankho limene mlendo aliyense wophunzira chilankhulo chathu amadabwa nalo. Munthu atadya mbatata zodzaza mbale, namwa phala, nakazinga chimanga, natafuna nzimbe kufikira dzuwa litapendeka, mukamufunsa madzulo ngati wadya, adzakuyankhani mosanama konse kuti lero sadalawe kanthu, pakuti nsima sidapite pakamwa pake. Kwa ife kudya ndi nsima, ndipo chaka chabwino timachiyesa ndi nkhokwe. Ndiwo timaziona ngati kamnyamata koperekeza mfumu pa ulendo, kamene ntchito yake ndi kutsetsereza mbamu pakhosi basi. Koma thupi lili ndi kuwerenga kwakekwake kosiyana ndi kwa nkhokwe, kotero kuti munthu angathe kugona wokhuta usiku uliwonse wa moyo wake, mimba ili ndendende, pamene mwazi wake uli pa njala yoopsa.

Amene adaperekezapo mayi woyembekezera ku sikelo adaona zimene namwino amachita asanatulutse chida chilichonse. Amamukhazika pa benchi, nakoka chikope cha m'munsi ndi chala, nasuzumira m'katimo, kenaka amamuuza kuti atambasule zikhatho, aonetse zikhadabo, atulutsenso lilime, ndipo kumene kuyenera kukhala kofiira kukapezeka kotuwa ngati phulusa, namwino amalemba m'buku nati, "Mayi, magazitu achepa." Pamenepo mpamene mayi uja amamasuka kunena zimene wakhala akubisa kwa miyezi: kuti akaweramuka pa mafuwa amamva chizungulire, kuti akakwera kachitunda ka kuchitsime ndi ndowa pamutu mtima umagunda ngati ng'oma, kuti musi umene ankasinjira akuimba masiku ano akaukweza kakhumi amayamba wefuwefu. Kumudzi anzake adayamba kale kunong'onezana kuti mkazi uja ngwaulesi, ndipo apongozi ake adavomereza.

Mawu akuti magazi achepa tisawamve ngati kuti mwazi waphwa m'mitsempha monga chitsime chiphwera m'mwezi wa Okutobala. Kawirikawiri muyeso wake uli chimodzimodzi, koma wasukuluka. Mwazi umafiira chifukwa cha timaselo tosaoneka ndi maso, timene m'kati mwake muli chinthu chotchedwa himogulobini, ndipo ntchito ya himogulobiniyo ndiyo kusenza mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo ndi kukautula ku ziwalo zonse, kuyambira ku ubongo kufikira ku chala cha kuphazi. Tsono pakatikati pa himogulobini pamakhala chitsulo, ndicho chogwirira mpweyawo, kotero kuti chikasowa, thupi limapanga timaselo tating'ono ndi totuwa, tosenza katundu wochepa, ndipo mtima umakakamizika kuthamanga kuti ulipirire ndi maulendo ambiri chimene chaperewera pa ulendo umodzi. Nambala imene amalemba m'buku la kuchipatala akayeza magazi ndi ya himogulobini yomweyi, ndipo Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse lidaika malire akuti mwamuna asatsike pa 13, mkazi pa 12, ndi woyembekezera pa 11.

A zachipatala amati ayironi, ndipo alangizi ena, poopa kusokoneza anthu, amangoti mchere wowonjezera magazi. Koma ine ndidzati chitsulo, chifukwa n'chomwecho ndithu, chosasiyana ndi chimene makolo athu ankasungunula m'ng'anjo zadothi, zimene zina zikali chiimire m'nkhalango ya Kasungu, nasula nacho makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Munthu wamkulu ali nacho magalamu 3 kapena 4, kulemera kwa kamsomali kamodzi, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu ali m'mwazi. Wokayika amve za Vincenzo Menghini, sing'anga wa ku Bologna m'dziko la Italy, amene cha m'ma 1740 adaumitsa mwazi nauwotcha mpaka kusanduka phulusa, ndipo atayandikiza mpeni wa maginito, tizidutswa ta phulusalo tidakangamira ku mpeniwo.

Pa kasungidwe ka chuma chimenechi thupi ndi mmisiri wosataya kanthu. Selo lofiira limakhala masiku 120, ndipo likakalamba limaphwanyidwa, makamaka m'kapamba, chitsulo chake n'kubwezedwa m'kati mwa mafupa, mmene muli chipala chosulira maselo atsopano, monga wosula wakale ankatenga khasu lakutha nasulamo kampeni. Chimene chimatayika tsiku ndi tsiku, popita ndi khungu lofundula ndi zina zotero, ndi miligalamu imodzi yokha, ndipo bambo wamkulu wopanda nthenda akabweza imodziyo mlandu wake watha. Si chomwecho kwa mkazi. Kuyambira tsiku limene namwali watha msinkhu amapereka msonkho wa mwazi mwezi ndi mwezi. Akatenga pathupi, pamafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 kuti pathupipo pafike pa mapeto pake, ndiye kuti gawo limodzi mwa atatu la chitsulo chonse chimene ali nacho. Ndipo akatumbiza, natenganso pena mwana woyamba asanaleke kuyamwa, amalowa m'ngongole yachiwiri yoyamba asanabweze. Mayi wotere akataya magazi pochira, ngakhale muyeso umene mnzake wamphamvu akadaupirira, moyo wake umakhala pa chiswe.

Mwana naye amabadwa ndi kamba wa pa ulendo amene mayi wake adamulongedzera, ndipo kambayo amamufikitsa pa miyezi 6, makamaka ngati azamba sadafulumire kumanga mchombo, koma adadikira mphindi 1 mpaka 3 kuti mwazi wotsalira ulowe mwa mwanayo, monga momwe amaphunzitsira masiku ano. Mkaka wa m'mawere uli ndi chitsulo chochepa, ngakhale kuti chochepacho chimalowa bwino m'thupi. Ndiye taonani tsoka lake: pa nthawi yomweyo imene kamba watha, mwana akukula mofulumira koposa nthawi ina iliyonse, pakuti pomatha chaka amalemera katatu kuposa mmene adabadwira, ndipo ubongo wake ukumangidwa, koma chimene timamupatsa ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, lothira shuga ndi kamchere, limene limadzaza kamimba kake popanda kusiyamo kanthu. Mwana wotero amakhala wonyentchera ndi wokwiyakwiya, wosakonda kusewera, ndipo akadzayamba sukulu aphunzitsi adzadandaula kuti mutu wake sugwira. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu.

Nthenda imeneyi si yathu yokha. Ku Ulaya idavutitsa anamwali kwa zaka mazana, naitcha nthenda yobiriwira chifukwa cha maonekedwe a nkhope zawo, ndipo Thomas Sydenham wa ku England adayamba kuwamwetsa vinyo woviikamo tizidutswa ta chitsulo cha m'ma 1680, iye mwini osadziwa chifukwa chimene ankachirira. Mu 1832 Pierre Blaud wa ku France adafalitsa mapiritsi a chitsulo amene adatchuka ndi dzina lake, ndipo m'zaka za m'ma 1920 Helen Mackay adaonetsa pakati pa makanda a anthu osauka a ku London kuti opatsidwa chitsulo ankakula bwino ndi kudwala mocheperapo.

Tsono tibwere pa mphasa yodyera, pamene pali mlandu weniweni. Chitsulo cha m'zakudya chili cha mitundu iwiri. Choyamba ndi chimene chidakhalapo kale m'mwazi ndi m'mnofu wa chamoyo china, cha m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba, ndipo matumbo amachilandira ngati m'bale, natenga magawo 15 mpaka 35 mwa 100 alionse. Chachiwiri ndi cha m'zomera, cha m'nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya ndi masamba obiriwira, ndipo chimenechi matumbo amachilandira ngati mlendo wosadziwika, nthawi zina magawo 2 okha, nthawi zina mpaka 20, malinga ndi amene wabwera naye. Akabwera ndi tiyi, chitseko chimatsekeka, pakuti chimene chimadetsa tiyi ndi kumupatsa kuwawa kwake chimamanga chitsulo m'mimba, ndipo kapu imodzi yomwera pa chakudya ingachepetse cholowa m'thupi ndi theka kapena kuposa. Sindikunena kuti minda ya ku Mulanje ndi Thyolo izulidwe, koma kuti tiyi adikire ora limodzi kapena awiri chakudya chitatsika. Akabwera ndi vitamini C, wa m'magwafa, malambe, masau, mapapaya, mango, malalanje, mandimu ndi matimati, chitseko chimatseguka. Apa mpamene chizolowezi chathu chimatipusitsa, popeza zipatso timaziyesa zoseweretsa m'kamwa za ana ndi abusa a mbuzi, zodyera pansi pa mtengo masana, pamene phindu lake lalikulu likadaoneka zikadadyedwa pamodzi ndi nyemba zija. Ndiponso kansomba kochepa kophikira limodzi ndi masamba kamathandiza kuti chitsulo cha m'masambamo chilowe. Koma soda kapena chidulo chochuluka, ndi kuwiritsa masamba mpaka atachita bii, madzi ake n'kukhuthula, zimapha vitamini C yemwe uja.

Pa za mkangano wakalekale wa mgaiwa ndi ufa woyera, umene umagawanitsa mabanja, ndinene mwachilungamo kuti pa nkhani ya chitsulo palibe wopambana kwenikweni. Chitsulo chambiri cha m'chimanga chili m'gaga, ndipo tikakonola timapatsa nkhumba ndi nkhuku. Koma m'gaga momwemo mulinso chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira chitsulo ndi zinki osalola kuti zilowe m'thupi. Mgaiwa uli ndi chitsulo chambiri chomangidwa, ufa woyera uli ndi chochepa chomasuka pang'ono. Kuviika mphale, kumeretsa chimera ndi kusasitsa thobwa kumachepetsa phytate, ndipo pamenepa agogo athu aakazi adatsogola akatswiri asanabwere. Ine ndimayamikira mgaiwa chifukwa cha zabwino zina zimene uli nazo, ndipo za kuyera kwa ufa ndimati chikomekome cha mkuyu. Koma wofuna mwazi asaufune m'mbale ya nsima, ayang'ane m'kambale kakang'ono kali pambali pake.

Ndipo kambale kameneko dziko lathu lidakadalitsa koposa mmene timaganizira. Pamene Dr B. S. Platt adatsogolera kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'midzi ya m'boma la Kota Kota, limene lero timati Nkhotakota, mu 1938 ndi 1939, mmodzi wa anzake, mayi amene adadzadziwika kuti Jessie Williamson, adachita chidwi ndi unyinji wa masamba ndi zipatso zimene amayi a kumudzi ankazidziwa maina ndi kaphikidwe, ndipo pambuyo pake, mu 1955, adatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Zimene mlendo adaziona kuti nzoyenera kulembedwa m'buku, zidzukulu za amayi aja zikuchita nazo manyazi. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada tazitcha ndiwo za amphawi, ndipo wa m'tauni akalandira malipiro amathamangira kabichi, amene pa nkhani ya chitsulo sangaime pamaso pa bonongwe. Mfutso wa m'chikwatu, umene unkasunga mudzi m'chilimwe, ana ambiri a lero sadauonepo. Chimodzimodzinso usipa, matemba, bonya ndi kapenta, tinsomba timene timadyedwa tathunthu, mutu, mafupa ndi zam'kati zomwe: mulu umodzi wa timeneti, wosinja n'kuthira m'phala la mwana, uposa kutali chigamba cha chambo chimene timachilemekeza. Ngumbi, mphalabungu, ziwala ndi mbewa ndisazitchule n'komwe, pakuti amene amazinyoza masana ambiri a iwo amazigula madzulo pamsewu.

Komabe ndingakhale mboni yonama nditakusiyani mukuganiza kuti kuchepa konse kwa magazi kumachokera m'mbale. Kuthira madzi mu mtsuko wobooka ndi ntchito yosatha, ndipo kwathu kuno zobooza mtsuko nzambiri. Malungo amaswa maselo ofiira. Njoka zina za m'mimba, zimene zimalowera ku mapazi a munthu woyenda opanda nsapato pa dothi loipitsidwa, zimakangamira m'matumbo ndi kuyamwa mwazi usana ndi usiku. Likodzo limautulutsa ndi mkodzo. Ndipo pali ena obadwa ndi nthenda ya sickle cell. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa m'dziko la Malawi wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse osakwana zaka 5, ndi amayi 33 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49, anali ndi magazi ochepa. Koma kafukufuku mnzake wa nthawi yomweyo, woyeza michere ya m'thupi, adapeza kuti osowa chitsulo anali ana 22 ndi amayi 15 mwa 100. Ndiponso madokotala amene adafufuza ana ogonekedwa ndi kuchepa koopsa kwa magazi ku Blantyre ndi ku Chikwawa, nafalitsa zimene adapeza mu 2008, adaona kuti mwa ana amenewo olakwa aakulu anali malungo, tizilombo tolowa m'magazi, njoka za m'mimba, HIV, ndi kusowa kwa mavitamini A ndi B12, osati chitsulo ayi. Pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, kumene malungo anali ochuluka, kupatsa ana onse chitsulo mosasankha kudachulukitsa ogonekedwa m'chipatala, mpaka mbali imeneyo ya kafukufuku idaimitsidwa; n'chifukwa chake lero amati chitsulo cha ana chiziyendera limodzi ndi neti ndi chithandizo cha malungo. Safunsa adadya phula: mwana wotuwa apite naye kukayezetsa, asangomugulira mankhwala pa golosale. Ndipo bambo wamkulu, kapena mayi amene adasiya kusamba, akapezeka wosowa chitsulo, madokotala amafuna kudziwa kumene mwazi ukudonthera, popeza nthawi zina ndi zilonda za m'mimba kapena chotupa cha m'matumbo.

Pali njira ziwiri zimene anthu amadzithandizira okha, ndipo zonse ndazionapo ndi maso. Yoyamba ndi kumwa chilichonse chofiira, kaya zakumwa zotsekemera za m'botolo, kaya madzi a masamba a mapeyala owiritsa, poganiza kuti chofiira chimabala chofiira. Koma utoto si mwazi, ndipo masiku amene munthu akudikira kuti madziwo agwire ntchito ndi masiku amene akadakhala atayamba mankhwala enieni. Yachiwiri ndi kudya dothi. Pamsika wina ndidaimapo pafupi ndi mayi wogulitsa timiyulu ta dothi louma, toyalidwa pa thumba mwaudongo ngati mtedza, ndipo pa kanthawi kamene ndidaimapo adagulitsa kanayi, ogula onse ali amayi, awiri a iwo oyembekezera. Mmodzi adabenthula kachidutswa pomwepo, natsinzina ngati wadya uchi. Sitiyenera kuwaseka, pakuti madokotala adazindikira kale kuti chilakolako chotere kawirikawiri chimayenda ndi kusowa kwa chitsulo, ndipo chimazilala munthu akalandira mankhwala. Koma dothilo lingabweretse mazira a njoka za m'mimba, ndiponso lingamange chitsulo cha m'chakudya.

Mapiritsi amene amapereka ku sikelo, a chitsulo pamodzi ndi folic acid, ndi oti woyembekezera azimwa limodzi tsiku lililonse kufikira atachira. Ambiri amalekera panjira chifukwa cha nseru, kudzimbidwa, kapena poona chimbudzi chakuda. Chakudacho si choopsa, ndipo nseru imachepa akamwa piritsi pogona kapena atadya pang'ono. Koma awabise kutali ndi ana, pakuti mwana akameza ambiri angafe, ndipo wosasowa asamwe mwachisawawa, popeza thupi lilibe khomo lotulutsira chitsulo chopyola muyeso. Zimenezi zidaoneka ku Johannesburg kuyambira mu 1929, pamene madokotala adayamba kupeza ziwindi zodzala ndi chitsulo, ndipo pambuyo pake adazindikira kuti ambiri mwa anthuwo ankamwa kwa zaka zambiri mowa wofululira m'migolo yachitsulo. Mphika wachitsulo wophikira ndiwo, komabe, ndi bwenzi. Adauyesa m'midzi ya ku Chigwa cha Shire kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo akuluakulu amene ankaphikiramo mosalekeza magazi awo adakwerako, ngakhale amayi ambiri adaukana chifukwa cha kulemera ndi dzimbiri.

Boma nalo lidachitapo zake. Mchere wa m'sitolo uli ndi ayodini woteteza ku chithokomiro. Shuga, kuyambira 2012, ndi mafuta ophikira zili ndi vitamini A. Ndipo ana osowa vitamini ameneyu, amene mu 2001 anali 59 mwa 100, pofika 2016 adatsala 4 okha. Mbatata zofiira m'kati, zokhala ndi maina okoma ngati Kadyaubwerere ndi Anaakwanire, zidabwera pa ntchito yomweyo, ndipo pa chitsulo pali nyemba za NUA45. Zinki ndiye akali kutali, pakuti pa kafukufuku uja wa michere ya m'thupi anthu pafupifupi 60 mwa 100 adapezeka osowa. Ufa wa m'mafakitale akuluakulu amauthira chitsulo. Koma mayi wa kumudzi sagula ufa wa m'pepala, amasenza chimanga chake kupita nacho ku chigayo cha pafupi, kotero kuti dalitso limeneli limamudumpha.

Chimene sichingamudumphe, eni mbumba atafuna, ndicho kagawidwe ka ndiwo pakhomo pake pomwe. Ndidakhalapo mlendo pa khomo lina pamene adandiphera nkhuku, monga mwa ulemu wathu. Mbale yovundikira idabwera pakhonde kwa ine ndi mwini nyumba, mayi atagwada, ndipo titavundukula tidapeza ntchafu zonse ziwiri, chidale, nthutumba ndi chiwindi. Kuseri, pafupi ndi khitchini, kudatsala mutu, khosi, zipalapasiro ndi msuzi, za anthu asanu: mayi woyamwitsa, namwali wa zaka ngati 14, ndi ana atatu. Ndidamva kamwana kena kakutambasulira dzanja ku khosi lija, ndipo mawu a mayi ake adamveka mpaka pakhonde: "Iwe, nkhuli! Ndiwo sadya chotero, uzingosunsa." Mayiyo adadya pomaliza, pokombeza mphika. Ife amuna awiri, amene matupi athu ankasowa miligalamu imodzi yokha, tidadya chitsulo cha nyumba yonse. Ndipo ndivomere kuti ndidatafuna chiwindi chija osaganizapo kanthu, ndidazindikira ndili m'njira pobwerera.

Sindikunyoza mwambo, pakuti nyumba yopanda ulemu si nyumba. Ndipo amene adaukhazikitsa sadadziwe za himogulobini, komanso ankakhala m'dziko la nyama zambiri za m'tchire, mmene mwana ankadziwotchera mbewa ndi ziwala zake. Koma inu abambo, ndi inu atsibweni osunga mbumba, ulemu wanu sudzachepa chifukwa cha kachiwalo kamodzi ka nkhuku. Nkhuku ikaphedwa pakhomo panu, nthutumba idyeni ndinu monga mwa mwambo. Chiwindi chibwezeni kuseri ndi dzanja lanu, achinyenyere m'phala la mwana amene akuphunzira kuyenda, ndipo ntchafu imodzi ipite kwa mayi wake.